Helikopita ya Maboma Awiri

A kulikulu atapereka thandizo logulira apolisi helikopita imodzi yoti Balaka ndi Machinga azibwerekana, anthu anaomba m'manja ngati ana. Mayi Scholastica a ku Utale nawonso anaomba, mpaka Lachinayi lina atadzuka n'kupeza khola lili pululu, ng'ombe zawo ziwiri zokoka ngolo zapita. Anathamangira kupolisi kwa Sajeni Hudson, munthu amene sankayetsemula popanda kuona kaye pa pepala.

"Bwana, dzutsani chindege chija! Mapazi alowera ku Liwonde, zaoloka Shire."

Sajeni analoza ndandanda yomata pakhomo. "Lolemba mpaka Lachitatu, Balaka. Lachinayi mpaka Loweruka, Machinga. Lero si yathu, mayi."

"Basi zili bwino! Ng'ombe zili ku Machinga, ndege ili ku Machinga."

"Iyayi. Zabedwa ku Balaka. Masiku a Machinga ndi a milandu ya Machinga."

"Ndiye Lolemba?"

"Lolemba ndi yathu, koma siioloka mtsinje."

"Ha! Ndege yoopa madzi? Ikuuluka kapena ikusambira?"

"Ikutsata ndandanda."

Mayi Scholastica anamanganso chitenje. Popanda ng'ombezo ngolo inali nkhuni chabe, ndipo pakhomo pawo ankadyera ngoloyo.

"Wakuba ndikumudziwa. Ndi Jimu, wopha nyama kutsidya. Lachiwiri lamsika azizinga. Nanga Lamulungu?"

"Lamulungu amaitsuka."

"Kuitsuka chiyani, yagwira ntchito yanji? Imeneyi ndi mwamuna wamitala, konsekonse amangoti wagona kwa mnzako!"

"Pa ndandanda palibe zamitala," anatero Sajeni atayang'anadi.

"Nanga n'chifukwa chiyani mwaimata panja, pomwe aJimu amadutsa?"

"Opereka thandizo anati zonse zikhale poyera."

Mayiwo anasendera pakhomo, n'kuyamba kuwerenga ndandanda ija ndi chala, pang'onopang'ono, milomo ikugwedera.

"Chabwino. Lolemba ndioloka ndekha, ndikathyola khola la Jimu, ndikatenga zanga."

Sajeni anadzambatuka. "Mayi! Kuthyola khola la mwini ndi mlandu! Tidzakuonani kuchokera kumwamba!"

"Lolemba ndege ili kuti?"

"Ku... Balaka."

"Ine ndidzakhala ku Machinga. Pofika Lachinayi?"

"Ku Machinga."

"Ine ndili kwathu, ndikumwetsa ng'ombe." Anatola nsapato zawo pakhomo. "Ndandandayi musaichotse, bwana. Lero ndiye ndaona kuti thandizo lija latifika."