Malamulo Atatu a Makina Ochapira

Mayi Shagufta anali pakampando pabwalo la nyumba yawo ku Multan, akufinya mpango wobiriwira m'beseni, pamene amuna awo, bambo Inayat, analowa atakweza kakhadi m'mwamba ngati mbendera imene ankaimitsira sitima zaka makumi atatu ali pantchito ya njanji.

"Imani pomwepo, Begum, akazi anga olemekezeka. Makina afika. Ali pangolo ya bulu kumsewu."

"Makina a chiyaninso?"

"Ochapa n'kuumitsa okha. Mehwish wagula, ine ndasankha. Wandiuzanso malamulo atatu pafoni."

"Mwana wobereka ndekha lero akundilembera malamulo?"

"Sanalembe iye. Ndalemba ndine. Iye amangolankhula."

Panali patapita miyezi itatu chigwereni mayi Shagufta pamasitepe opita padenga, dengu la zochapa lili m'manja. Chiuno anachilumikiza ndi chitsulo kuchipatala cha ku Multan komweko, ndipo chitulukireni anali kwa mwana wawo Mehwish ku Lahore. Kunyumba anali atangofika dzulo lake. Mehwish anawalola kubwerera atawalumbirira kuti akangomva zoti apondanso masitepe aja, adzabwera kudzawatenga, ndipo Multan sadzamuonanso.

Koma padengapo, kuseri kwa khoma logawa nyumba ziwiri, kunali kachipinda ka a Bilqis, mayi wamasiye amene miyendo inaleka kalekale kuwatsitsira pansi. Zaka zisanu ndi chimodzi, m'mawa uliwonse, mayi Shagufta ankabisa kafulasiki ka tiyi m'dengu la zochapa, n'kukaika kapu pakhomapo. Sanauzepo munthu, ngakhale amuna awo, poti ankakhulupirira kuti chabwino chikatchulidwa pakamwa chimapepuka pamaso pa Mulungu. Tsono miyezi itatu imeneyi inkawalemera pachifuwa kuposa chitsulo cha m'chiuno. Mpango umene ankachapawo sunali wakuda n'komwe. Ankangofuna kupeza choyanika.

Isanakwane swala, pemphero la masana, makina anali atalumikizidwa pakhonde, atakwezedwa panjerwa, chitseko chake chagalasi chikuyang'ana mpando wa mayi. Bambo Inayat anavala magalasi, natsokomola.

"Loyamba: amayi asawerame pabeseni. Lachiwiri: asanyamule zovala zonyowa. Lachitatu: asakwere padenga."

"Lachinayi: asapume mpweya."

Bambo anatembenuza khadi, nayang'ana kumbuyo kwake. "Lachinayi palibe."

"Nanga njerwazi? Mwawamangira guwa ngati manda a woyera mtima? Tiziponyapo maluwa Lachinayi lililonse?"

"Ayi, maluwa angatseke paipi. Njerwazo ndinayeza. Ndinatenga mpando wanu umene mumaswalirapo, ndinayezanso mkono wa malaya anu abuluu aja. Kenako ndinakweza mpando pa rikisho, kanjinga ka matayala atatu kaja, mpaka kusitolo."

"Munapita ndi mpando wanga kusitolo?"

"Ndinaukhalira patsogolo pa makina asanu ndi awiri, nditatambasula dzanja chonchi. Otsegula pamwamba ndinawakana, amafuna munthu aimirire n'kuweramira m'kati ngati pachitsime. A migolo iwiri aja, wochapira ndi wofinyira, ndinawakananso, chifukwa zonyowa zimayenera kusamutsidwa pamanja. Awa mumaika kamodzi, mumachotsa zouma."

"Anthu sanakusekeni?"

"Wogulitsa anaitana anzake a sitolo yoyandikana. Ndikuganiza ankafuna kuphunzira."

Mayi Shagufta anayang'ana njerwa zija. Makona ake anali atapalidwa bwinobwino kuti asakole nsalu ya munthu. Kenako anayang'ana kumbali. Dzuwa linali litakwera kale, ndipo pakhoma paja, m'maganizo mwawo, panalibe kapu.

"Sizingatheke," anatero. "Nsalu yopempherera imatsukuluzidwa katatu, kufinyidwa katatu. Chitsulo chimenechi chimadziwa kuwerenga?"

Bambo ananyambita chala, natsegula buku la makina. "Tsamba la khumi ndi chinayi. Batani ili limaonjezera kutsukuluza. Ndinafunsanso a Imamu. Anati madzi atsopano akalowa katatu, zakwana."

"Aa! Munapita kwa a Imamu ndi nkhani ya zochapa zanga?"

"Ndi buku lomwe. Analibwereka masiku awiri. Akazi awo akudandaula msana."

"Nanga Bisimila, kuyamba m'dzina la Mulungu, azinena ndani?"

Bambo anafufuza masamba mpaka kumapeto. "Buku silikunena. Mukhoza kumanena inu podina batani. Kapena ine. Kapena tigawane masiku."

"Mulungu ndipatseni kupirira. Amatenga nthawi yotalika bwanji?"

"Kuchapa ndi kuumitsa, maola anayi ndi mphindi khumi."

"Maola anayi! Ku Multan kuno, kumene malaya amauma usanapeze chopanira chachiwiri?"

"Buku linalembedwa kudziko la mvula."

"Magetsi akathima?"

"Amadikira. Magetsi akabwera, amapitiriza pamene analekezera."

"Ngati inu ndi nkhani ya sitima ya ku Khanewal ija."

"Nkhani ija sindinaimalize. Tinali titafika pamene ng'ombe inagona panjanji..."

"Musayambe!"

Mayi anagwira ndodo yawo, nadzuka pang'onopang'ono, mpango wonyowa uli paphewa.

"Lachiwiri," anatero bambo, akuloza mpango.

"Uwu sindinanyamule. Ndavala."

Bambo anawerenga khadi kawiri, milomo ikuyenda. "Za kuvala sananene. Pitirizani."

"Chovala chimafuna dzuwa, bambo a Mehwish. Chimafuna fungo la dzuwa."

"Dikirani." Anaweramira mabatani, chala chikuyenda limodzi ndi maso. "Pali thonje. Pali ubweya. Pali zovala za khanda. Pali nsalu za pawindo. Dzuwa palibe."

"Eya. Ndiye ine ndikukalipeza kumene Mulungu analiika."

Anayamba ulendo wa kumasitepe: ndodo, phazi, ndodo, phazi. Bambo anawapitirira mosathamanga, nakaima pambali pa sitepe yoyamba, khadi m'dzanja lamanzere, foni m'dzanja lamanja.

"Mbendera ndi yofiira, Begum."

"Chokani."

"Sindinatseke njira. Kutseka njira sanandiuze. Anati mukaponda sitepe yoyamba, ndiimbe."

"Mungandinenere kwa mwana wanga, inu?"

"Sindinena kanthu. Ndingoimba. Azinena ndi iye."

"Bwerani nayo foniyo."

"Ndipatseni mpangowo ndikayanike ndine."

"Simudziwa poyanika."

"Pachingwe."

"Osati pena paliponse pachingwe!"

"Ndiuzeni malo ake, ndilemba."

Malo ake anali kumapeto, pafupi ndi khoma, koma kunena zimenezo kunali kutsegula chitseko cha nkhani yonse. Mayi anatsamira pandodo, nakweza phazi labwino lija, naliimika m'mwamba pamwamba pa sitepe. Bambo anakweza chala, nachiimika m'mwamba pamwamba pa foni.

"Sindinaponde," anatero mayi.

"Sindinadine," anatero bambo.

Kumsewu wogulitsa mango anadutsa akukuwa mtengo wake, mawu ake nazimiririka.

"Phazi lanu likunjenjemera, Begum."

"Chala chanunso."

"Changa chilibe chitsulo."

"Ndikungofuna kukaona ngati chingwe chilipo."

"Chilipo. Mamita asanu ndi limodzi. Ndachiona m'mawa."

"Ndikaone ngati kukubwera mitambo."

Bambo anakweza maso kumwamba, chala chili pomwepo. "Kulibe. Zikuoneka kuchokera pano kuti kulibe."

"Zaka makumi anayi!" mawu a mayi anasweka. "Zaka makumi anayi ndakhala pabanja ndi mtengo wa siginolo! Anthu ena Mulungu anawapatsa mtima, inu anakupatsani khadi! Mukudziwa chiyani za padenga inu? Mukudziwa kuti... kuti nkhunda zimaipitsa khoma lija?"

"Ndikudziwa. Ndimalipukuta tsiku lililonse ndisanaikepo kapu."

Phazi linakhalabe m'mwamba, koma mayi anaiwala kuti ndi lawo.

"Kapu yanji?"

"Ya tiyi. Ya khoma."

"Anakuuzani ndani?"

"Inu."

"Bodza! Sindinauzepo munthu!"

Bambo anaika khadi lija pakamwa, napisa m'thumba la pachifuwa, natulutsa lina, lakale, lopindika m'makona ndi lothimbirira ndi thukuta. Analavulira loyamba m'dzanja.

"Kuchipatala, akukutulutsani ku opareshoni, mankhwala asanathe m'mutu. Munandigwira kolala, munati, 'Tiyi wa pakhoma, m'mawa uliwonse, osauza munthu.' Kenako munanditchula dzina la mlongo wanu, n'kugona. Ndinalemba zoyambazo zokha."

"Ndiye... kuyambira tsiku limenelo?"

"Kuyambira m'mawa mwake. Simunanene kuti ndisiye. Lero ndapereka inu mutagonanso itatha swala ya mbandakucha."

"Mumatani mukafika?"

"Ndimatsokomola katatu pasitepe yomaliza, amayi a madenga ena afunde kumutu. Ndimapukuta khoma. Ndimaika kapu. Ndimatembenuka kuyang'ana thanki ya madzi, ndimawerenga mpaka mazana atatu. Ndikacheuka, kapu ilibe kanthu, yotsukatsuka."

"Osafunsa amene amamwa?"

"Munati tiyi wa pakhoma. Simunati ndifunse."

"Osasuzumira ngakhale kamodzi?"

"Kuseriko n'kwa amayi, Begum. Ine ndinaleredwa."

Mayi Shagufta anatsitsa phazi pang'onopang'ono, naliika pansi pamene linachokera. Bambo anaona, nabweza foni m'thumba. Ndodo, phazi, ndodo, phazi, mayi anabwerera pampando wawo. Anatambasula dzanja, ndipo chitseko cha makina chinali pomwe dzanja linathera, osaperewera, osapitirira. Anaponyamo mpango osawerama ngakhale pang'ono. Maso anali atayamba kuwayabwa, mwina chifukwa cha sopo wa ufa.

"Batani la katatu lija ndi liti?"

"Ili."

"Bisimila," ananong'ona, nadina. Madzi anayamba kulowa, mpango nuyamba kugubuduka kuseri kwa galasi.

Kenako anasonkhanitsa mawu amene pazaka makumi anayi sanawafunepo kawirikawiri.

"Bambo a Mehwish. Zija ndanena za mtengo wa siginolo..."

"Siginolo ndi chinthu chofunika kwambiri. Popanda iyo sitima zingawombane."

"Ndimveni kaye, inu! Ndikufuna kunena kuti ndinala..."

"Khomalo ndi laulemu," anapitiriza bambo, akupinda makhadi awo. "Sabata yachiwiri linayamba kubweza kapu muli duwa. Chovuta ndi shuga yekha. Akutha msanga m'nyumba muno."

Mayi anatembenuka mutu wokha. "Shuga?"

"Masipuni atatu. Ngati wanga."

"Atatu! Mayo ine! Amayi a kuseriwo dokotala anawaletsa shuga zaka zisanu zapitazo! Ine ndimawapatsa wopanda ngakhale kambewu kamodzi!"

Bambo anafunyululanso khadi lakale lija, naliyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo. "Za shuga palibe."

"Munthu samafunsa?"

"Munali mutagona. Ndipo khoma silinadandaulepo."

"Lingadandaule bwanji likunyambita? Kwerani! Kwerani pompano mukapepese!"

"Kwa ndani?"

"Kwa khoma lanulo!"

"Ndinene kuti chiyani?"

"Kuti mwalakwa, ndipo kuyambira mawa shuga mulibe!"

"Ndilembe?"

"Pitani!"

Bambo Inayat anakwera. Mayi anawerenga mapazi awo mumtima, masitepe khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo anazindikira kuti pa sitepe yakhumi ndi chiwiri amaima kaye kupuma, monga ankachitira iwo. Mawondo amenewo anali atakwera chonchi m'mawa uliwonse kwa miyezi itatu osauza munthu. Anapukuta m'maso ndi nsonga ya malaya.

Kumwamba kunamveka kutsokomola katatu. Kenako mawu a bambo, okweza ngati olengeza sitima, mwachionekere akuyang'ana thanki ya madzi.

"Mtendere ukhale nanu, a khoma. Ndatumidwa ndi akazi anga, amene abwerako dzulo. Akuti ndalakwa. Kuyambira mawa shuga mulibe."

Makina okha ndi amene ankati khuvu, khuvu, akugubuduza mpango uja.

Ndipo kuchokera kuseri kwa khoma, mawu opyapyala a nkhalamba ija, a Bilqis, amene pazaka zisanu ndi chimodzi sanaposepo kunong'ona, anakwera mwamphamvu mpaka kugwera pabwalo, pamiyendo penipeni pa mayi Shagufta.

"Shagufta! Wabwera, mchemwali wanga? Mulungu atamandike! Koma undikhululukire, ndikupempha pamaso pa Iye amene amaona zonse. Swala iliyonse ndimakupempherera kuti uchire, inde, koma ndimaonjezera kuti usachire msanga!"