Pensulo Yofiira ya Akapitawo

Malemu anabadwa pa 9 Malichi 1958, achitatu m'banja la ana asanu. Ine ndaima panone ndine mkulu wawo. Sukulu anailekezera Fomu 2, ndipo mu 1976 anakaphunzira ukalipentala. Ine, podalira digiri yanga, ndinawaderera. Ndinalakwa, ndipo ndikuvomera pamaso panu.

Mu 1981 analembedwa ntchito pakampani yokhoma madesiki a sukulu. Mu 1984 anamanga banja ndi mayi akhala apawa, ndipo Mulungu anawadalitsa ndi ana anayi.

Mu 1995 anakwezedwa kukhala kapitawo wa anthu khumi ndi awiri. Lamulo la pamenepo linali lakuti kapitawo yekha ndiye azigwira pensulo yofiira yolembera podula thabwa. Ena onse yawo inali kutsata mzere. Malemu anati mitu khumi ndi iwiri singamagone tulo mutu umodzi ukuganiza. Choncho Lolemba lililonse ankachotsa pensuloyo pakhutu pawo n'kuipereka kwa wina: sabata ino wocheka, yamawa wopaka vanishi, mpaka wosesa utuchi amene. Wogwira pensulo ndiye ankagawa ntchito, malemu n'kukaima pamakina ngati wina aliyense. Munthu akaphonya muyeso, iwo ankangoti lafa ndi thabwa limodzi, koma kwabadwa kalipentala.

Zipatso zake tinaziona. Wopala matabwa, bambo wachibwibwi amene kwa zaka zisanu ndi ziwiri panalibe anamufunsapo maganizo, itakwana sabata yake anajambula desiki ya miyendo yomanga ndi mabawuti, yotheka kumasula ponyamula. Lole imene inkanyamula madesiki makumi awiri inayamba kunyamula makumi asanu ndi limodzi. Mayi wopaka vanishi, atatopa ndi kusoka zigamba pa yunifolomu ya mwana wake, ndiye analamula kuti ngodya zosongoka zithe. Ndaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo desiki yogwedera ndimaidziwa ndi khutu ndili pabolodi. Madesiki awo sankagwedera.

Mu 2012 kunabwera bwana watsopano. Atapeza akapitawo ali ndi tsache, wosesa akugawa ntchito, sanafunse n'komwe. Analemba kalata yowachotsa, mlandu wake kulekerera udindo, pensulo n'kuitsekera m'kabati. Anthu anabwerera kotsata mzere, ndipo ngakhale aone kuti wakhota ankadula momwemo, poti wosafunsidwa sayankha. Chaka chisanathe, masukulu anayamba kubweza madesiki. Pensulo inatuluka m'kabati mwakachetechete n'kuyambanso kuzungulira, koma kalata ija inatsala m'faelo. Malemu analemba katatu kupempha kuti dzina lawo liyeretsedwe. Yankho silinabwere.

Mu Januwale 2024 anayamba kuvutika ndi impso. Anagonekedwa m'chipatala pa 2 Juni, ndipo anatisiya pa 17 Juni, ali ndi zaka 66.

M'mawa uno kampani yatumiza nkhata ya maluwa ndi uthenga wotcha malemu wantchito womvera. Maluwa talandira. Uthengawo sindiwerenga, chifukwa ine sindinaphunzitsepo bodza. Mng'ono wanga akanakhala womvera, bwenzi kampaniyo ikunyamulabe madesiki makumi awiri. Inu mwaimira kampani, mwakhala pamipando yakutsogoloyi, mukawauze mabwana kuti banja likudikira kalata imodzi yokha, ndipo akuidziwa. Ana awa sadzatenga dzina la bambo olekerera udindo ngati cholowa chawo.

Ngati afuna umboni, nawu uli pakati pathu. Bokosi ili alikhoma ndi anzawo asanu ndi anayi amene akadali moyo. Aliyense analemba mzere wake, napereka pensulo kwa mnzake. Kapitawo panalibe. Bwerani mupisepo chikhadabo pokumana matabwapo, tione ngati chilowe.

Malemu asiya mayi a kunyumba, ana anayi, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, alongo awiri, ndi ine mkulu wawo. Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, anansi amene agona nafe pano, ndi amisiri amene akana kulandira kanthu pa bokosili. Pensulo sitiikwirira nawo. Lolemba ibwerera kuntchito, ndipo ndamva kuti sabata ikubwerayi ndi ya wosesa.

Mng'ono wanga, mzere wanu sunakhote. Mzimu wanu uuse mumtendere.