Maluwa Amene Ndinaponya Pawindo

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ine ndine Nabanda wa ku Mitundu. Umboni wangawu ndausunga nthawi yaitali, chifukwa mbali yanga m'nkhaniyi ndi yochititsa manyazi.

Matipate atangoyamba kumene ndinadwala chifuwa chachikulu. Anandigoneka m'chipatala miyezi iwiri, jakisoni tsiku ndi tsiku. Masiku amenewo ukangoonda anthu ankamaliza okha nkhani, ankati ndi matenda a masiku ano. Amayi anzanga a mumpingo, amene ndinkawayambitsira nyimbo, anabwera kamodzi, anaima pakhomo la wodi, osabweranso. Bambo a kunyumba anali pa kalikiliki wosankha fodya. Ndinalibe wondiphikira ngakhale wondisambitsa, ndipo mankhwala aja m'mimba mopanda kanthu ankangondifooketsa. Ndinalira kwa Mulungu kuti anditumizire munthu, koma kunena zoona ndinali nditamusankhira kale anthu oti atume.

Iye anatuma mayi Esitere, mkazi wa tenanti wochokera ku Phalombe. Ali pa esiteti ina kwathu kuno ankapemphera nafe, ndipo ine ndinali patsogolo powaseka kalankhulidwe ndi kuwatcha obwera. Kenako anasamukira ku esiteti ya ku Nathenje. Atamva za ine anauyamba wapansi, n'kufika masana fumbi lili m'mawondo. M'manja ananyamula maluwa ofiira ndi achikasu, omanga ndi luzi.

Inu mukudziwa kuti kwathu kuno maluwa timawaona poyala nkhata pamanda. Nditangowaona ndinapsa mtima. "Mwabwera kudzandiika ndili moyo? Bwanji osadikira nditsirizike kaye?" Ndinawalanda maluwawo n'kuwaponya pawindo, wodi yonse ikuonerera.

Mayi Esitere anangotembenuka. Anatuluka, ine n'kumati basi apita. Patapita kanthawi anabwera ndi phala, atapempha moto ndi poto kwa odikirira odwala ena. Anakhala nane milungu isanu, amuna awo akusankha okha fodya. Anandisambitsa, anandichapira, anandigwira mkono popita kukabayitsa. Phala lawo ndinkamwa maso ali pansi, koma pepani sanatuluke pakamwa panga.

Ndinachira ndithu, Mulungu alemekezeke. Koma mverani zimene ndinachita. Lamulungu loyamba ndinaimirira m'tchalitchi kuthokoza. Ndinatchula adokotala, abusa, ngakhale amayi aja anangoima pakhomo. Mayi Esitere sindinawatchule, ndinkaopa kuti anthu adziwa kuti anandisambitsa ndi mkazi wa tenanti. Kuchokera tsiku limenelo pemphero linandiuma. Ndikagwada, ndinkadzuka osapemphera.

Msika wa fodya utatsekedwa ndinamva kuti matenanti a pa esiteti ya ku Nathenje ija akubwerera kwawo. Paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndinadziwa kuti ndikazengereza ndidzakalamba nalo tchimo langa. Ndinakwera minibasi mpaka ku Lilongwe, n'kukweranso ina ya ku Nathenje. Ndinawapeza akumanga katundu, kutsogolo kwa kanyumba kawo kaudzu kuli kamzere ka maluwa omwe aja. Ndinagwada pa dothi, ndinapepesa zonse, za pawindo ndi za m'tchalitchi zomwe.

Anandidzutsa n'kundikhazika pa mkeka. "Mayi, inu simunadziwe," anatero. "Mwana wanga wamkazi anamwalira ndi chifuwa chomwechi. Ali chigonere palibe anabwera. Tsiku la maliro maluwa anadzaza manda, iye osaona ngakhale limodzi. Ndiye ndinamuuza Mulungu kuti anga ndizidzala ndekha, ndizipatsa amene maso awo akupenya."

Ndinalira ngati mwana. Mayi aja anandibweretsera zimene analephera kupatsa mwana wawo, ine n'kuzitaya kunja ngati zinyalala. Sabata yotsatira lole inawatenga, ndipo sindinawaonenso mpaka lero.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandichiza kawiri, chifuwa ndi kudzikuza komwe. Inu amene muli pa mphasa ndipo abale akutayani, musataye mtima. Iye amayankha, kungoti amatuma amene wamufuna yekha. Ndipo ngati pali pepani amene mwamusunga mumtima, nyamukani mukapereke mwini wake akadali ndi makutu.