Chitseko Chimene a Gwedeza Anatsegula Okha

Abale ndi alongo, amene tikuwaperekeza lero ndi alamu anga, bambo amene kuntchito, kumpingo ngakhale pakhomo pawo ankadziwika ndi dzina loti a Gwedeza. Anabadwa m'chaka cha 1972 m'mudzi mommuno, m'nyumba imene bwinja lake mwalidutsa pobwera kumanda kuno. Anali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu ndi mmodzi.

Sukulu ya pulayimale anaphunzira konkuno, ya sekondale anakaphunzira kutauni akukhala kwa amalume awo. M'chaka cha 1995 analembedwa ntchito yoyang'anira akaidi kundende, ndipo patatha zaka ziwiri anakwatira mlongo wanga. Dzina lija analitengera kuntchitoko, chifukwa akakhoma chitseko sankachokapo asanachigwedeze kawiri katatu. Khalidweli anabwera nalo ndi kunyumba komwe. Mlongo wanga ankadandaula kuti ngakhale khola la nkhuku linkagwedezedwa mpaka nkhuku kudzidzimuka. Kumpingo titaona zimenezi tinangowapatsa makiyi a tchalitchi, ndipo kuyambira pamenepo sikunasowenso kanthu.

Pamene malemu ankayamba ntchito, oyang'anira akaidi ankayenda awiriawiri. Lamulo linali loti chitseko cha selo, chipinda chogona akaidi, asatsegule munthu mmodzi: wina azitsegula, wina ataima kumbuyo kwake. Koma zaka zikupita, akaidi anachuluka, antchito n'kumachepa. Ena anapuma, ena anamwalira, ena anangosiya, olowa m'malo osaoneka. M'maselo munadzaza mpaka anthu kumagona chokhala, wina atatsamira maondo a mnzake. Posowa owayang'anira panja, akaidi ankatsekeredwa dzuwa likadali m'mwamba, malata akuwotcha. Malemu akafika kunyumba, chakudya sankachifuna. Anakadandaula kwa akuluakulu kangapo konse, koma yankho linali loti apirire.

Chaka chatha, m'nyengo yotentha, masana ena akaidi a m'selo ina anayamba kumenya chitseko akukuwa kuti mnzawo wakomoka. Wantchito amene anayenera kukhala ndi malemu anali ataperekeza wodwala wina kuchipatala. Malemu anaimba wezulo, n'kuimbanso, koma panalibe woti n'kubwera. Atasuzumira pakazenera ka pachitseko anaona akaidi atamunyamula m'mwamba mnzawoyo, poti pansi panalibe malo omugoneka. Bambo amene moyo wawo wonse sanaphwanyepo lamulo la chitseko, tsiku limenelo anatsegula ali okha.

Anthu anakankhana pothamangira mpweya, ndipo chitseko chachitsulo chija chinawapanikiza malemu kukhoma n'kuwathyola nthiti. Ndinene pano aliyense akumva: palibe mkaidi ndi mmodzi yemwe amene anathawa. Akaidi omwewo ndiwo anawanyamula mpaka pageti, n'kupereka makiyi onse m'manja mwa mlonda. Wokomoka uja anatsitsimuka.

Malemu ali chigonere m'chipatala, unafika uthenga woti aimitsidwa ntchito chifukwa chotsegula selo ali okha. Zimenezi zinawapweteka kuposa nthiti zija. Madokotala powayeza anawapezanso ndi chifuwa chachikulu, matenda amene anali atafala kale m'maselo muja. Mankhwala analandira, koma thupi silinabwererenso m'malo. Tikapita kukawaona, funso lawo linali limodzi lokha, loti mlandu wawo ukambidwa liti. Sankafuna kuti ana awo azilozedwa chala kuti bambo awo anachotsedwa ntchito chifukwa cha kusasamala. Anamwalira Lachiwiri lapitali mlanduwo usanakambidwe. Ife apabanja mtima ukutiwawa, ndipo sitibisa. Akuluakulu amene anawasiya okha pachitseko paja ali pantchito mpaka lero.

Mwina mwaona kuti pamaliro pano palibe wovala yunifolomu. Musawaganizire zoipa anzawo akuntchito. Atumiza uthenga wopepesa, akuti akachokapo mmodzi ndiye kuti wotsalayo akhala yekha pachitseko. Koma bambo amene aima kumbuyo uko, matope ali m'miyendo, ndi amene anakomoka tsiku lija. Anamaliza chilango chawo, ndipo atamva za malirowa anabwera kudzathandiza kukumba manda.

Malemu asiya mkazi, ana anayi, aamuna awiri ndi aakazi awiri, zidzukulu ziwiri, mayi awo okalamba, mchimwene mmodzi ndi alongo atatu. Asiyanso dzina lawo lisanayeretsedwe, ndipo limeneli ife otsala sitidzatopa kulifunsira.

Alamu, zitseko zonse munkatseka bwino, ndipo chimodzi chimene munatsegula chija simunalakwe. Mulungu awalandire bambo athuwa, apumule mu mtendere.