Injini Imene Anatsegula Tsiku la Maliro

Polisi ya Mchinji, Loweruka, 10 Ogasiti 2024

Ine, Rashida Amin, wa zaka 43, kwathu ndi m'mudzi mwa Kalinde ku Kapondo koma ndimakhala pa Boma kuseri kwa msika. Ntchito yanga ndi yogula mtedza ndi soya m'midzi n'kukagulitsa ku Lilongwe. Amuna anga anamwalira, ndili ndi ana atatu. Ndikunena izi:

Mu Januwale chaka chino ndinagulitsa nyumba imodzi mwa ziwiri zimene malemu anandisiyira, n'kugula pikapu yoyera ku kampani ina yogulitsa magalimoto ku Lilongwe. Inali yatsopano, mipando ikadali m'mapulasitiki. Anandiuza kuti ili ndi walanti, kutanthauza kuti injini ikafa zaka zitatu zisanathe, opanga galimotoyo adzaikamo ina ulere. Lamulo linali limodzi: makaniko amene si wawo asaitsegule.

Mu Juni ndikuchokera ku Guilleme nditanyamula mtedza, injini inayamba kugogoda ngati munthu akusinja, kenako inatulutsa utsi woyera. Ndinazimitsa pomwepo. Thalakitala ndiyo inandikoka mpaka pakhomo, ndipo galimotoyo ndinaiimika mumpanda pansi pa mtengo wa mango.

Ndinaimbira foni a kampani. Poyamba anati ndimathira mafuta a m'zigubu a kumalire. Ine a m'zigubu sindinathirepo, ndipo ndinawauza kuti kukhala ku Mchinji si mlandu. Kenako anasintha, ati ndimadzaza katundu mopitirira muyezo. Ndinayamba kupita ndekha pa minibasi. Ndinkakhala pa benchi yawo kuyambira m'mawa mpaka kuweruka, bwana ali mu miting'i yosatha. Apa nyengo ya mtedza inali ikudutsa, ine ndikuchita hayala malole a anthu, yanga ili phee pansi pa mango, nkhuku zikugona pansi pake.

Mu Julaye anatopa nane, anatumiza makaniko wawo, a Cyprian. Anatunga mafuta pang'ono m'botolo, anajambula zithunzi, kenako anapaka penti yachikasu pa mabawuti onse apamwamba pa injini. Mawu awo ndikuwakumbukira bwino. Anati, "Mayi, musailize, musaitsegule. Penti iyi ikangosweka, ife tasamba m'manja." Izi ndinauza onse apakhomo. Ndinauzanso achimwene anga a Abudu, amene ali ndi golosale pamsika, chifukwa nthawi zina ankaibwereka galimotoyo. Kiyi ndinkamumanga pa nsonga ya chitenje.

Lolemba pa 5 Ogasiti a Cyprian anaimba. Anati mafuta apezeka kuti ndi abwino, opanga galimoto avomera kuti vuto ndi lawo, ndipo lole yodzanyamula pikapuyo ibwera Lachisanu. Tsiku limenelo ndinagona tulo koyamba chiyambire Juni.

Lachinayi mbandakucha amalume athu a Sufiyan anamwalira kunyumba kwawo pa Boma pompano. Amenewa ndi amene anatilera ine ndi achimwene mayi athu atamwalira. Akuluakulu anagwirizana kuti akaikidwe kumudzi ku Kapondo tsiku lomwelo, monga mwa Chisilamu, dzuwa lisanapendeke.

Cha m'ma 7 koloko ndili m'nyumba ndi amayi anzanga, anandiitana panja. Anali achimwene, ataima pamaso pa azibambo onse. Anatambasula dzanja, ati kiyi. Ndinawakumbutsa kuti galimoto ndi yakufa ndipo mawa akudzaitenga. Anati alankhula kale ndi a Lameki, makaniko wa pa depoti, ndipo a Lameki ati kagogodedwe kameneko ndi ntchito yaing'ono, tiyi asanazizire ikhala italira. Ndinakana. Ndinati ndipeza lole ina, hayala ndilipira ndine.

Achimwene anakweza mawu. Anati, "Munthu anakulera, lero akwere galimoto ya eni pomwe yako ili pakhomo? Anthu atiseka, Rashida." Azibambo ena anang'ung'udza. Azakhali ena anandikoka chitenje, ati apatse, maliro sakanizidwa chinthu. Ndinachita manyazi kwambiri, koma kiyi sindinapereke. Ndinaimbira a Kwacha, amene amandinyamulira mtedza, ndipo anavomera kuti akangotsitsa chimanga kuchigayo abwera. Achimwene anamva zonsezi. Anachoka, ine ndinabwerera m'nyumba.

Nthawi itapitako pang'ono foni yanga inalira. Anali a Jane, aphunzitsi amene tayandikana nyumba. Anati mumpanda mwanga muli anthu ndipo amva galasi likusweka. Ndinathamanga wopanda nsapato. Kuchokera pamaliro kufika kwathu ndi kudutsa msika wonse.

Ndinapeza geti lili pululu. Kagalasi ka kumbali kwa dalaivala kanali kataswedwa, mwala uli pampando. Boneti inali yotsegula. A Lameki anali atawerama mu injini, sipanala ili m'manja, ndipo achimwene anali ataima pambali pawo atagwira chitsulo chothandizira boneti. Chivundikiro cha injini chinali pansi, pamwamba pa thumba la mtedza. Mabawuti anali atawaika m'mbale yanga yodyera imene anaitenga pathandala. Ndinatola limodzi. Penti yachikasu inali itasweka, ina itatsalira pa sipanala.

Ndinakuwa, ndipo ndinawatukwana onse awiri. Zimene ndinanena sindingazibwereze muno. A Lameki anadzuka n'kunena kuti iwo anauzidwa kuti mwini wake wavomera koma kiyi wasowa m'chipwirikiti cha maliro. Ndinamasula nsonga ya chitenje n'kuwaonetsa kiyi. Anayang'ana achimwene, achimwene anayang'ana kumbali. A Jane anali ataima pageti, anaona zonsezi.

Kenako a Lameki anati m'kati mwa injini zitsulo zathyoka, galimotoyo singalire lero ngakhale mawa. Anapukuta manja, anatola zida zawo, anapita. Achimwene anangoti, "Ndimafuna kulemekeza amalume." Anatuluka osatseka ndi geti lomwe.

Lole ya a Kwacha inafika nthawi yabwino. Amalume anakwera imeneyo, anaikidwa m'manda dzuwa likadali pamutu, ndipo palibe amene anaseka. Hayala a Kwacha anakana kulandira.

Lachisanu m'mawa a Cyprian anafika ndi lole yawo. Ndinali nditaphimba injini ndi chitenje poopa fumbi. Anavundukula, anayang'ana, anatola bawuti m'mbale muja n'kulitembenuza. Kenako anandiuza kuti magalimoto ena a mtundu umenewu anabwera ndi vuto lomweli, ndipo onse anawaikira injini zatsopano, yanganso inali itafika kale ku Lilongwe. Ndinawagwadira pafumbi, ine mayi wa ana atatu. Ndinawafotokozera za maliro. Anati akumva, nawonso kwawo kumagwa maliro, koma zithunzi za Julaye zili kale kwa opanga galimoto ndipo iwo sanganame.

Anaimbira bwana wawo ataima potero. Atabwerera anati njira yatsala imodzi. Pakhale lipoti la polisi losonyeza kuti injini inatsegulidwa mwini wake atakana, ndiponso dzina la amene anachita zimenezo. Likapezeka pofika Lolemba, bwana ayesa kundipemphera kwa opanga galimoto, ngakhale sakulonjeza. Likapanda kupezeka, nkhani yatha. Lole inabwerera yopanda kanthu.

Madzulo ake ndinapita kumudzi kukauza abale. Anandikhazika pamphasa. Azakhali anati za pabanja zimathera pabanja. Ndinafunsa kuti nanga injini agula ndani. Wina anati ndikanene kuti anali akuba osadziwika. Ndinati akuba sabwera ndi makaniko masana n'kuika mabawuti m'mbale, komanso a Jane anaona. Achimwene sanapepese. Anati, "Ukakalowa pa polisi, kuno usadzapondenso. Ngakhale maliro ako sindidzanyamula." Ndinalira, chifukwa munthu ameneyu ankandibereka kumsana popita kuchigayo tili ana, ndipo mpaka pano ndimamukonda. Koma nyumba ndinagulitsa, mtedza wa chaka chino wandidutsa, ndipo ana anga alibe kwina kodalira.

Lero kumudzi kuli sadaka ya amalume. Mpunga ndi mbuzi ndinatumiza dzulo. Anzanga onse ali kumeneko, ine ndili pano.

Mbale ya mabawuti ndabwera nayo, ndi iyi. Mwala ukadali pampando, sindinaukhudze. A Lameki ndilibe nawo chifukwa, ananamizidwa. Mwandifunsa kawiri ngati ndikutsimikiza za dzinalo, ndipo mwandiuza kuti likalembedwa mupita kukawatenga. Ndamva. Amene anaswa galasi sindinamuone, koma amene anabweretsa makaniko n'kulamula kuti injini itsegulidwe, ine nditakana pamaso pa anthu, ndi a Abudu Amin, a golosale ya pamsika, achimwene anga bere limodzi. Lembani. Ndikungopempha kuti musapite lero, adikireni anthu amalize kudya sadaka.

Zimene ndikudziwa ndi zomwezi. Andiwerengera, ndipo ndi mmene ndanenera.

Wodandaula: Rashida Amin ______________________