Ankandikanyanga pakhosi, anthu n'kumati banja lakhazikika

Mtendere wa Ambuye ukhale nanu amayi anzanga ndi onse amene muwerenge izi. Ine ndine make Tadala, ndinkakhala ku Bangwe. Sukulu ndinalekezera pulayimale, ndiye mundikhululukire kalembedwe, koma nkhani ya mmene mwamuna wanga anatsala pang'ono kundipha ndi manja ake sindingaisunge mumtima.

Tinkachita lendi m'nyumba za mdadada, zija khoma lake silifika kudenga. Bambo a Tadala anali mlonda ku Limbe, ankabwera m'mawa n'kuswera pakhomo. Poyamba ankandimenya ngati mmene amachitira amuna ena ankhanza, makofi ndi lamba, ine n'kumakuwa, anthu a papoloti n'kumathamangira kudzaleretsa. Tsiku lina alandilodi anatopa nazo. Anati akadzamvanso phokoso, tisamuke.

Phokoso linathadi. Bamboyo anapeza njira ina. Akapsa mtima ankakweza wailesi, n'kundikankhira kukhoma, n'kundikanyanga pakhosi. Munthu akakugwira pamenepo sungakuwe, ngakhale kutchula dzina la Yesu sungathe. Maso amachita mdima, m'makutu mumalira, miyendo imafa. Ulendo wina ndinatsitsimuka nditadzikodzera, mwana akukwawa pamimba panga.

Ndiye tamvani zimene zimandipweteka mpaka lero. Anthu anayamba kundiyamikira! Alandilodi anati, "Mwaona, make Tadala, mwakula tsopano." Kumphakati amayi anaimika manja kuthokoza Mulungu kuti banja lathu lakhazikika. Ine ndili pomwepo, mpango pakhosi dzuwa likuswa mtengo, mawu atasasa, malovu akukanika kumeza. Wina anandipatsa ndimu ndi uchi kuti eti ndi chimfine.

Ndinapita kwa ankhoswe, amalume anga a ku Chilomoni. Anandiyang'ana kumaso, m'manja, kumiyendo, n'kufunsa kuti, "Nanga bala lili pati, mwana wanga? Mwamuna wasiya kumenya, iwe ukufunanso chiyani?" Ndinalimba mtima n'kupita kupolisi ndekha. Amene ndinamupeza tsiku limenelo anafunsanso zomwezo, ngati anapangana. Anati ndidzabwere ndikadzavulala. Abale anga, ndikadzavulala bwanji? Wokanyangidwa pakhosi akapitirira pamene ndinkafika ine, kotsatira ndi kumanda. Ankafuna ndibwere m'bokosi kodi?

Ndinasiya kugona tulo tabwino, ndinasiya kudya. Ndinkangoyang'ana manja ake, akamasamba, akamamanga nsapato, akamanyamula mwana. Wailesi ikangokwera pang'ono, ngakhale ya kwa aneba, mtima unkagunda ngati ugwa. Pemphero langa linatsala limodzi, la mumtima: Ambuye, poti ine sakundikhulupirira, tumizani munthu adzaone ndi maso ake.

Pakhomo loyandikana ndi lathu pankakhala amake Joji, mayi wa ku Nsanje wogulitsa makala. Sindinkagwirizana nawo, chifukwa analibe nkhani yowadutsa, za papoloti ponse ankazidziwa ndi kuzifalitsa. Mulungu anasankha amenewo.

Tsiku limenelo kunali masana, nkhani yake ya malaya amene sanaume. Wailesi inakwera, manja anafika pakhosi. Ndikukumbuka kuti chidendene changa chinkamenya ndowa imene inali pakona, kenako mdima. Amake Joji anamva ndowa ikulira, mwana akulira osatonthozedwa, koma mawu anga ayi. Anakwera pathumba la makala n'kusuzumira pampata wa pamwamba pa khoma. Mfuu imene anakuwa inafika mpaka kumsewu. "Akupha munthu kuno! Musiye iwe, ndakuona!"

Nditatsitsimuka, bamboyo anali pakhomo akuuza anthu kuti ndimadwala khunyu. Amake Joji, thupi lonse makala okhaokha, anamuloza chala. "Khunyu lake la zala khumi? Achimwene, ine miseche ndimanena, koma maso anga ngabwino."

Sanandisiye. Anabereka Tadala, n'kundikweza minibasi mpaka kuchipatala. Adokotala anandiunika m'maso, anapeza timadontho ta magazi, pakhosi m'kati motupa. Anandiuza kuti zimenezi zimapha ngakhale kunja kusakuoneka kanthu, ndipo munthu akhoza kumwalira patapita masiku. Ndinalira, chifukwa aka kanali koyamba munthu wophunzira kunena kuti sindikunama.

Tinabwereranso kupolisi, ulendo uno ku ofesi yoona za nkhanza za m'banja. Mayi wapolisi wa kumeneko anandikhazika pansi, anandipatsa madzi, n'kundiuza kuti lamulo loteteza anthu ku nkhanza za m'banja lilipo, ndipo silidikira magazi. Lamulo linalipo nthawi yonse imene ine ndinkazungulira ndi mpango pakhosi! Bwanji wapolisi woyamba uja sanandiuze? Funso limenelo ndilibe yankho lake.

Nkhani inafika kukhothi. Achibale a mwamuna anadzaza benchi, akundiyang'ana ngati ndine ndalakwa. Koma amake Joji anaima n'kufotokoza zonse, mpaka kusonyeza ndi manja awo pakhosi pawo. Khothi linalamula kuti bamboyo asandiyandikire, kaya pakhomo kaya panjira, ndipo mlandu wondivulaza unapitirira payokha.

Pano ndikukhala kwa achemwali anga ku Machinjiri, ndimachapa zovala m'makomo mwa anthu. Sindinama kuti mantha anatha. Pasiteji ndimayang'anabe kumbuyo, ndipo alipo achibale amene sandilankhula, akuti ndinachititsa manyazi mtundu. Bamboyo anabwerapo kamodzi n'kuima pageti. Achemwali anaimba foni kupolisi, anabwera kudzamutenga, ndipo sanaonekenso.

Ndikuthokoza Mulungu amene anandisungira mpweya, ndikuthokoza amake Joji, adokotala aja ndi mayi wapolisi uja. Iwe mnzanga amene wagwidwapo pakhosi ngakhale kamodzi, usadikire ulendo wachiwiri. Pita kuchipatala tsiku lomwelo. Akakubweza pakhomo lina, gogoda lina, tenga mnzako wapakamwa akuperekeze. Pemphera uku ukuyenda. Ndipo inu ankhoswe ndi atsogoleri a mipingo, mwana wamkazi akabwera kudzadandaula, chonde mumveni akadali ndi mpweya wolankhulira. Ambuye akusungeni nonse. Amen.