Kusowa kwa Tahiru Amisi

Ine, Vitorino Alexandre, wa zaka 46, wa mudzi wa Mpanyila, dera la Chiuta, wokonza njinga, ndikunena izi ku Insaca lero Lolemba pa 20 Novembala 2023, pamaso pa wapolisi amene akufufuza nkhani ya mnyamata Tahiru Amisi.

Ntchito yangayi ndinaiphunzira ku Malawi, kumene tinathawira nthawi ya nkhondo. Amene anandiphunzitsa sanali m'bale wanga. Mu 2019 makolo a ku Mpanyila anandimangira chisakasa pafupi ndi msika kuti ndiziphunzitsiramo ana osiya sukulu. A kumzikiti anapereka malata, a kutchalitchi mitengo. Amayi ogulitsa pamsika amasinthana kuwaphikira anawo masana. Anawo amanditchula a Mesitiri, kutanthauza mmisiri wowaphunzitsa.

Tahiru anabwera mu 2021. Anam'bweretsa ndi azakhali ake, mayi Mastura, amene akumulera chimwalirireni makolo ake. Tsopano ali ndi zaka 16. Mwa ana asanu ndi awiri amene ndinali nawo, makiyi a bokosi la zida ndinkasiyira iye.

Lachitatu pa 13 Seputembala, Dona Violeta, mphunzitsi wa papulayimale, anasiya njinga yawo yobiriwira kuti tiikonze. Anati akupita kumaliro ku Cuamba, ikatha tikaisiye kunyumba kwawo. Anaikonza ndi Tahiru.

Lachinayi pa 14, tsiku la msika, cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndinamutuma kukaisiya. Patapita mphindi ngati khumi, mayi wina wogulitsa tomato anabwera akuthamanga, nati apolisi am'gwira mwanayo. Ndinapita. Panali pamphambano, mamita ngati 300 kuchokera pachisakasa.

Ndinapeza apolisi awiri, wina wamtali, wina wocheperapo msinkhu. Mayina awo ndakuuzani kale, mwawalemba papepala lina. Tahiru anali atakhala pansi, manja atamangidwa kumbuyo ndi mphira wa pakaliyala ya njingayo. Ndinamumva akunena kuti, "Bwana, njingayi ndi ya Dona Violeta. Ndakonza ndine." Wamtaliyo anam'menya makofi awiri, nati, "Mwana ngati iwe njinga yotere ungaitenge kuti?"

Ndinadzitchula dzina ndi ntchito yanga, n'kufotokoza kuti ndamutuma ndine. Anandifunsa risiti. Ndinati risiti ili ndi mwini wake. Ndinayesa foni ya Dona Violeta katatu, sinalowe.

Kuchokera pamphambano kupita kuposito ya polisi pali njira yachidule yodzera kuseri kwa chigayo. Sanadzere kumeneko. Anamudutsitsa pakati pa msika, atamuvula masilipasi. Wamtaliyo ankakuwa kuti, "Muoneni wakuba njinga." Ine ndinali pambuyo ndi masilipasiwo m'manja. Pamsika panali anthu ochokera midzi yambiri, ndi atsikana amene Tahiru anaphunzira nawo kalasi imodzi.

Kuposito anatiuza kuti shefi, mkulu wa positoyo, wachoka, nkhani idikire mwini njinga. Tahiru anam'lowetsa m'chipinda momwe munali amuna akuluakulu anayi.

Lachisanu pa 15, anthu anayamba kusonkhana panja pa posito kuyambira m'mawa. Amayi a pamsika anatseka mabenchi awo. Anzake asanu ndi mmodzi a pachisakasa analipo. Atatuluka kumzikiti anabweranso a shehe ndi anthu awo, kenako akatekisita. Ndinawerenga anthu 34. Palibe anaponya mwala kapena kutukwana. Tinangokhala pansi.

Cha m'ma 3 koloko wapolisi wocheperapo uja anatenga chakudya kwa mayi Mastura n'kukam'patsa mwanayo. Ineyo anandilola kulankhula naye pazenera kwa mphindi zisanu. Anali atametedwa mbali imodzi ya mutu. Tsaya lakumanzere linali lotupa. Ndinam'funsa amene wamumeta. Anangoti, "A Mesitiri, buleki yakumbuyo sindinaimange bwino. Muwauze Dona asatsike nayo chitunda."

Loweruka pa 16, cha m'ma 12 koloko, Dona Violeta anatsika shapa, minibasi ya kwathu kuno, n'kubwera kuposito asanafike ndi kwawo komwe. Anaonetsa risiti. Shefi anali atabwera. Anamasula Tahiru, nati, "Zatha, pitani." Ndinapempha kuti wapolisi amene anakuwa pamsika uja akanenenso pamsika pomwepo kuti mwanayu sanabe. Shefi anati imeneyo si ntchito ya apolisi.

Lolemba pa 18 Tahiru anabwera kuntchito atavala chipewa. Cha m'ma 11 koloko bambo wina wa mudzi wina anabwera ndi njinga yoduka tcheni. Atamuona Tahiru anati, "Uyu asaigwire." Ndinam'bwezera bamboyo njinga yake osaikonza. Tahiru anamaliza kumata chubu chimene anali nacho, anapukuta masipanala onse, anawaika m'bokosi, n'kundipatsa makiyi. Ndinati awasunge. Anawasiya pabenchi.

Lachiwiri pa 19, 6 koloko m'mawa, mayi Mastura anafika kwathu kudzafunsa ngati mwanayo anagona kwathu. Sanagone kwathu. Kunyumba kwawo kunasowa malaya awiri ndi sipanala ya 15 imene ndinam'patsa chaka chatha.

Tsiku lomwelo ndinapalasa kupita ku Entre Lagos, kumalire ndi Malawi. Mayi wina wogulitsa nthochi pasiteshoni anati anaona mnyamata wachipewa akuyenda m'mbali mwa njanji kulowera ku Nayuchi. Kuyambira tsikulo ndawoloka malire kanayi. A shehe analengeza m'mizikiti itatu. Anzake a pachisakasa amafunsa aliyense wobwera ndi njinga ya ku Malawi. Malo ake pabenchi sakhalapo munthu. Sindinawaletse ine.

Pa 5 Novembala bambo Faruku, ogulitsa nsomba zouma amene amafika ku Liwonde, anandiuza kuti anamuona akukonza njinga pafupi ndi depoti ya kumeneko. Anati akudzitchula dzina lina. Atamuitana kuti Tahiru, anayang'ana uku ndi uku asanavomere. Anawafunsa kuti, "Chisakasa chija chikadalipo? A Mesitiri ali bwanji?" Bambo Faruku anamuuza kuti abwerere kwawo. Iye anati, "Ku Mpanyila dzina langa ndi wakuba."

Pa 8 Novembala ndinafika ku Liwonde cha m'ma 2 koloko masana. Mwini malo okonzera njingawo anati mnyamatayo anachoka masiku awiri apitawo, osanena kumene akupita. Anandionetsa gudumu limene analuka asanachoke. Ndinalizungulitsa. Linali lowongoka. Ndinakhala pamalopo mpaka basi yomaliza.

Mwandifunsa chimene ndikufuna. Za apolisi awiriwo mudziwa ndinu. Wocheperapoyo sanam'menye, ndipo zimenezo mulembe. Ine ndikupempha kalata ya karimbo, chidindo cha boma, yonena kuti Tahiru Amisi sanabe njinga. Zikhale ziwiri. Ina ikawerengedwe pamsika wa Mpanyila Lachinayi, anthu atadzaza. Inayo ndiziyenda nayo m'thumba.

Mwandifunsanso maonekedwe ake. Msinkhu amandilekeza m'khutu, ngati sanatalikepo. Ndi wamanzere. Chala chachikulu cha kumanja chili ndi chipsera cha tcheni. Akamagwira ntchito amaluma mlomo wam'munsi. Tsitsi liyenera kuti linamera tsopano. Mayi Mastura akuti ndinene kuti amadwala chifuwa mvula ikayamba, ndipo juzi lake anasiya.

Mukamva kumene ali, musatumizeko munthu wovala yunifolomu. Mundiimbire ine pa nambala imene ndakupatsani, ndikam'tenga ndekha.

Zimene ndikudziwa zathera pamenepa. Andiwerengera zonse, ndipo ndi mawu anga.

Wopereka umboni: Vitorino Alexandre ______________

Wolemba umboni: ______________